Kambuku wa Mphira

Kambuku wa m'phiri mwathu ndinkamusunga m'chikwama, pansi pa juzi ndi fulasiki ya tiyi. Anali ndi mapazi anayi, onse osema kuchokera ku tayala lakutha la galimoto ya paki, lililonse lokhomera chogwirira cha mtengo ngati chidindo cha mu ofesi. Thupi analibe. Sankadya, sankadwala, sanalumepo munthu, ndipo pa nyama zonse za m'paki muno ndi iye yekha amene sanandichititsepo manyazi pamaso pa alendo.

Ntchito yanga ndi yoperekeza alendo okwera phiri. Amabwera ndi nsapato zatsopano, zikwama zazikulu kuposa eni ake, ndi magalasi oonera patali ali lendee m'khosi. Pageti amapeza chikwangwani chojambulidwa kambuku atagona panthambi, akumwetulira ngati munthu wa pa kalendala. Ndiye mumawakweza maola asanu ndi limodzi, mpaka mawondo ayambe kulankhula okha, n'kukawagoneka m'matenti pamsasa wa pamwamba, pomwe mphepo imalowa ndi m'mafupa momwe. Kukacha amafuna mphoto ya thukuta lawo. Mukawaonetsa anyani, amati anyani awaona kale m'mbali mwa msewu. Mukawaonetsa mbira ikuwothera dzuwa pathanthwe, amafunsa ngati ndi khoswe wonenepa. Mukawaonetsa maluwa a m'matanthwe, amajambula kamodzi mwaulemu kenaka n'kuyang'ana wotchi.

Kambuku weniweni palibe amene anamuonapo m'phirimo chiyambire ine ntchito. Mkulu amene ndinamupeza pantchitoyi, yemwe anandisiyira luso losema mphira, ankandiuza kuti, "Mlendo safuna kuona kambuku, mwana iwe. Atati amuone akhoza kunyowetsa thalauza. Chimene amafuna n'kumva kuti kambuku wamuona iyeyo."

Choncho ndinkalawirira alendo akadali mkonono, n'kutsetserekera kukamtsinje komwe njira imadutsa pamatope. Musaganize kuti ndi ntchito yachibwana. Phazi lakumbuyo liyenera kuponda pafupifupi pomwe paponda lakutsogolo. Lakutsogolo mumalidinikiza kwambiri chifukwa ndiko kuli mapewa. Inuyo mumayenda pamiyala kuti nsapato zanu zisakuululeni. Dzuwa likatuluka ndinkabwera nawo alendo aja, n'kuima mwadzidzidzi, dzanja m'mwamba. Ndinkanjuta, kukhudza matope, kununkhiza chala, kenaka n'kunong'ona kuti, "Wadutsa posachedwapa. Wamphongo. Wakhuta." Pamenepo mumaona anthu akuluakulu akugwirana manja ngati ana owoloka msewu. Ankatsika phiri atakhutira, ine ndikudziuza kuti sindinaphe munthu. Pajatu amati ukayenda siya phazi, ndipo ine ndinkasiya anayi.

Operekeza alendo tonse tinkadziwa. Bwana wa paki nayenso ankadziwa mwa kadziwidwe ka mabwana, kodziwa popanda kuuzidwa kuti tsiku la mlandu adzadabwe bwino. Amene sankadziwa ndi mwana wanga wamkazi.

Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndinakwera naye phiri patchuthi, mayi ake atakana mpaka kutopa. Anafika pamwamba ali ndi matuza kumapazi, akulira kuti akufuna kwawo. M'mawa mwake ndinangoti ndimusangalatse pang'ono, n'kumudindira mapazi asanu ndi limodzi. Anagwada, n'kuika kadzanja kake m'kati mwa phazi limodzi, kakukwanamo konse. Njira yonse yotsika za matuza anaiwala. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu munalowa kambuku. Anali m'makope ake, pakhoma, m'mabuku obwereka ku laibulale. Ndinkati ndidzamuuza akadzafika zaka khumi. Kenaka ndinati akadzamaliza sekondale. Zengerezu adalinda kwawukwawu: mwana anapita ku yunivesite kukaphunzira za nyama zakuthengo, ndipo tsiku lomaliza maphunziro anauza aphunzitsi ake ndili pomwepo kuti zonsezi anaziyamba ndi bambo akewa. Aphunzitsiwo anandigwira chanza ndi manja awiri.

Chaka chino anatulukira pageti ndi kalata ya ku yunivesite, makamera khumi ndi awiri omangirira kumitengo, laputopu, rula, ndi thumba la pulasitala wothira m'mapazi a nyama. Anati wabwera kudzawerenga akambuku a m'phiri lathu, masabata atatu. Bwana anawerenga kalatayo, n'kundiyang'ana nkhope ili gwa.

"Palibe wina wowadziwa akambuku athu kuposa inu," anatero. "Mumuperekeze."

Mnzanga wa pantchito, yemwe timamutchula kuti Ndevu, anatuluka panja kukaseka kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinkamumva ndili mu ofesi.

Tinanyamuka mame asanaume. Njira imayamba mwaulemu, m'nkhalango ya mitengo italiitali, kenaka imataya ulemu n'kuyamba kukwera ngati makwerero. Mwanayo anali patsogolo, maso pansi, akulankhula osapuma. Anali atasonkhanitsa zithunzi za mapazi zomwe alendo akhala akuika pa intaneti kwa zaka zambiri, ndipo panali chinthu chomwe chinkamusowetsa tulo.

"Ababa, mukudziwa kuti mapazi onsewa ndi ofanana kukula? Zaka makumi awiri! Kambuku wam'tchire sakhala moyo zaka zonsezo."

Ndinamva mwendo wanga ukuphonya mwala.

"Ndiye ukuganiza bwanji, mayi?"

"Ndikuganiza kuti ndi banja limodzi. Bambo, mwana, mwina ndi mdzukulu, onse akumwa pakamtsinje kamodzi. Mukuona kukoma kwake?"

Ndinavomera kuti n'zokoma. Kambuku wanga wa tayala anali atabereka, n'kukhala ndi adzukulu, ine mwini wake osadziwa.

Pamsasa wa pamwamba tinakhoma matenti awiri moyang'anizana, pafupi ndi kanyumba ka malata kosungiramo mapoto ndi zingwe. Zidindo zanga ndinali nditazibisa kudenga kwa kanyumbako, m'thumba la simenti, ndipo ndinalumbira mumtima kuti sindizikhudza mpaka mwanayu atatsika. Masiku awiri oyamba tinazungulira phiri kumangirira makamera. Ndinkamanga ndine, iye akulemba malo ake m'buku. Kamera iliyonse ndinkaidziwa mtengo wake, mbali yomwe yayang'ana, ndi pomwe diso lake likuthera. Kukamtsinje tinaika imodzi kumtunda, patali ndi matope aja, chifukwa ndinamuuza kuti kumunsi madzi amasefukira. Limenelo silinali bodza lenileni. Amasefukiradi, kamodzi pa zaka zisanu.

Ndisaname, masiku amenewo anali okoma kuposa onse omwe ndakhalapo m'phirimo. M'mawa tinkamwa tiyi titakhala pathanthwe, mitambo ili pansi pathu. Anandionetsa kusiyanitsa ndowe za gwape ndi za mbawala, zomwe ndakhala ndikuuza alendo mosinthanitsa moyo wanga wonse. Anandiuza mayina a mbalame zomwe ine ndinkangozitchula kuti kambalame kaja. Ndinkamuyang'ana akukwera thanthwe ndi manja ndi miyendo, chipewa chili chagada, ndikudzifunsa kuti munthu wanzeru chonchi anachokera bwanji kwa ine. Ndinkanyada, ndipo ndinkaopa, zonse nthawi imodzi.

Madzulo aliwonse ankatsegula laputopu kuona zomwe makamera agwira. Anyani. Nguluwe ndi ana ake. Nungu akudutsa mwaulesi. Anyani ena. Mphuno ya nyani, pafupi kwambiri, zithunzi makumi anayi. Udzu ukugwedezeka ndi mphepo, zithunzi mazana atatu. Sabata yoyamba ankaseka. Sabata yachiwiri anasiya kuseka, n'kuyamba kupita yekha kukamtsinje m'mawa uliwonse kukayang'ana matope osalala ngati pansi pa nyumba yozira kumene.

"Koma ababa, alendo amawapeza pafupifupi ulendo uliwonse. Ine ndalakwa chiyani?"

"Nyama ili ndi nyengo zake, mayi."

"Kapena ndi fungo langa? Kapena makamerawa akuwaopsa?"

Mwana wanga ankadziimba mlandu chifukwa cha tchuthi chomwe ndinapatsa tayala.

Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwiri Ndevu anakwera kudzatisiyira mpunga, shuga ndi mabatire. Anamupeza mwanayo atakhala pakhomo pa tenti, buku lili pamwendo, osalembamo kanthu. Anamufunsa za kafukufuku, iye n'kuyankha mosabisa.

"Amalume, ndikangopeza phazi limodzi lokha loti ndithiremo pulasitala, aphunzitsi anga andilola kubweranso chaka chamawa. Ndikatsika chimanjamanja, nkhani yatha. Adzati m'phiri muno mulibe kambuku, ndikafufuze mbewa."

Ndinamuperekeza Ndevu potsika mpaka pamsasa wapakati pomwe ankati agone. Titangokhota pakona anandigwira mkono.

"Achimwene, mwanayu watha. Simukumuona mmene waondera? Mudindireni kamodzi kokha."

"Ayi."

"Ngati mukuchita manyazi ndidinda ndine. Zidindo zakale zija zikadali kwa ine."

Zidindo zakalezo zinali za mkulu uja anatiphunzitsa, zong'ambikang'ambika, zoti ngakhale mlendo woledzera akhoza kukayika.

"Ukangoyerekeza, ndevu zimenezo ndidzazizula imodziimodzi," ndinamuuza. "Ameneyu si mlendo. Ali ndi rula."

Ndinabwerera kumsasa dzuwa litapendeka, ndikudzimva kuti ndine munthu wachilungamo. Chilungamocho chinakhala mpaka nthawi ya chakudya, pomwe ndinaona mwanayo akukankhira mpunga m'mbali mwa mbale ngati mmene ankachitira ali wamng'ono akadwala malungo. Ndinadziuza kuti phazi limodzi si bodza lalikulu. Likangomupatsa chaka china, mwina chaka chimenecho kambuku weniweni adzasochera n'kubwera. Munthu akafuna kuchimwa, zifukwa zimabwera zokha zitavala bwino.

Kunja kutangoyamba kuyera ndinatsitsa thumba la simenti lija, n'kutsetsereka nalo. Nkhungu inali itagwira moti mtengo unkaoneka ukaugunda. Kuphompho anyani ankakuwa mokwiya, zomwe sachita nthawi imeneyo, koma ndinangowatukwana mumtima kuti andidzutsira mwana. Nditafika pamatope ndinaima chilili. Munthu anali atandiyambirira kale.

Mapazi analipo asanu ndi awiri, kuchokera kumiyala kupita kumadzi. Ndinawerama kuti ndiwaone bwino, mkwiyo n'kundikwera mpaka m'makutu. Inali ntchito yauve yomwe sindinaionepo. Mapaziwo anali aang'ono, osafanana kuya. Limodzi linali lotsetsereka ngati wodindayo anaterereka nalo. Mzere wake unali wokhotakhota, wopanda dongosolo. Choipitsitsa, phazi lakutsogolo lakumanzere linali ndi zala zitatu zokha. Ndevu! Anakwera mumdima ndi zidindo zake zothothoka zala, n'kudinda ngati munthu wothamangitsidwa. Ngakhale kafungo kowawa komwe kanali pamalopo ndinamuimba nako mlandu yemweyo, poti munthuyo ndi madzi sagwirizana.

Ndinaganiza za mwana wanga atagwada apa ndi rula yake. Sipakanatha mphindi ziwiri asanazindikire. Kambuku wanji wa zala zitatu? Kambuku wanji woyenda ngati wabwera kumowa? Zaka makumi awiri ndi ziwiri za ntchito yaukhondo zikanathera pa ulesi wa munthu mmodzi.

Ndinathyola nthambi yamasamba n'kufafaniza zonse. Ndinatunga madzi ndi chipewa, kuthira, kusalaza ndi chikhatho mpaka matope anabwerera mwakale. Kenaka ndinadinda. Sindikudzitama, koma m'mawa umenewo ndinagwira ntchito yabwino kuposa ina iliyonse pamoyo wanga. Mapazi asanu ndi atatu, zala zinayi zinayi, mzere wowongoka, lakumbuyo likupsompsona lakutsogolo. Ndinaika ngakhale katsamba kouma m'kati mwa limodzi, kopondedwa theka. Kambuku aliyense akanaona akanachita nsanje.

Ndinabisa thumba, n'kukamudzutsa. Ndinachita zonse monga mwa nthawi zonse, kuima mwadzidzidzi, dzanja m'mwamba, koma mawu aja a wamphongo wokhuta sindinawatchule. Sanafunikenso. Mwanayo anagwada m'matope ndi thalauza lake loyera, misozi ili chuchuchu. Anandikumbatira m'miyendo. Anayeza, anajambula, anasakaniza pulasitala m'kapu yathu ya tiyi n'kuthira m'phazi lokongola kwambiri. Kenaka anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu.

"Kamera!"

"Kamera ili kumtunda, mayi. Siingaone kuno."

"Ayi, ndinaisuntha dzulo muli koperekeza amalume. Ndinati madzi akasefukira asefukire."

Analoza mtengo womwe unali masitepe asanu kuchokera pomwe ndinagwada m'mawa uja. Kabokosi kobiriwira kanali pamenepo, diso lake lili pa ine. Nkhungu inali itandibisira.

Ndikanatha kulankhula nthawi imeneyo. Anathamangira kumsasa kukatenga laputopu, ndipo ndinali ndi mphindi khumi zathunthu zoti ndikonze mawu, kapena ndiponye kabokosiko m'madzi. Sindinachite chilichonse. Ndinangokhala pamwala ndikuyang'ana pulasitala akuuma.

Anaika laputopu pathanthwe, ine nditaima kumbuyo kwake. Chithunzi choyamba chinali cha nkhungu yokhayokha, nthawi itangopitirira faifi koloko. Chachiwiri, nkhungu yomweyo, koma kumunsi kwake kunali chinthu chotuwa, chachitali, chofupika miyendo, chosaoneka mutu kapena mawanga. Chachitatu, chinthu chija chitawerama pamadzi. Chachinayi, kanthu kopindika ngati nsonga ya mchira kakutuluka m'mphepete mwa chithunzi.

"Ndi iyeyo," ananong'ona. "Sichikuoneka bwino, pachokha aphunzitsi sangachivomere. Koma pamodzi ndi mapaziwa..."

Anadina batani. Nkhungu inali itapepuka, kuwala kutabwera, ndipo kamera ija, yomwe inalephera kujambula kambuku, inandijambula ine bwinobwino mpaka imvi za m'ndevu. Ine nditawerama. Ine ndi nthambi. Ine ndi chipewa chodontha madzi. Ine nditagwira chidindo ndi manja awiri, lilime lili panja pang'ono chifukwa cha khama. Zithunzi makumi asanu ndi limodzi, chilichonse chakuthwa. Pa nyama zonse zomwe makamera ake anagwira m'masabata atatu, palibe inaoneka bwino ngati bambo ake.

Anazidutsa zonse, chimodzichimodzi, osadumpha. Ndevu sanali pa chithunzi chilichonse. Pakati pa chinthu chotuwa chija ndi ine panalibe munthu wina amene anaponda pamatopepo. Ndinakumbukira anyani aja, ndi fungo lija.



"Kuyambira liti?" mwanayo anafunsa osatembenuka.

"Ukadali wakhanda."

"Ndi tsiku lija? Ndili mwana?"

"Unkalira, mayi. Unali ndi matuza."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wapatsidwa yankho la samu yomwe inamuvuta kalekale. Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa. Anabweza zithunzi mpaka pomwe ndinali nditawerama ndi nthambi m'manja, n'kukulitsa pansi pa mapazi anga. Thupi langa linali litaphimba matope onse.

"Munafafaniza chiyani apa, ababa?"

"Mapazi."

"A chiyani?"

"Ndinkayesa ndi Ndevu. Anali oipa. Sankaoneka ngati a kambuku."

Apo anaseka, kuseka kamodzi kouma komwe sindikufuna kudzakumvanso. Kenaka anatenga buku lake, kutsegula tsamba latsopano, n'kundipatsa pensulo.

"Jambulani zomwe munaona."

Ndinajambula mosamala kuposa mmene ndinasemera mphira. Ndinamuuza zonse: asanu ndi awiri, aang'ono, mwina wamkazi, limodzi lotsetsereka. Ndinajambula phazi lakumanzere la zala zitatu, ndi mpata pomwe panayenera kukhala chachinayi. Anayang'anitsitsa, ndipo ndinaona maso ake akuyaka pang'ono ngakhale sankafuna.

"Msampha wa waya umadula chala chonchi," anatero motsitsa. "Ndipo nyama yotero imatsimphina, mzere wake suwongoka. Zimenezi simukanazipeka. Simukuzidziwa."

"Ndiye lemba, mayi! Lemba kuti alipo. Ndamuona ndi maso angawa, mapazi ake enieni, ndikulumbira!"

Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikunong'ona bodza, anthu ophunzira ochokera kutali akundikhulupirira popanda kufunsa. Tsiku loyamba kunena zoona ndinachita kukuwa.

Anatembenuza buku kuti ndione tsambalo. Linali ndi mizere yake: tsiku, malo, nyengo, chomwe chaoneka. Mzere womaliza unali wa dzina la amene waona. Pambali pake laputopu inali ikadali yotsegula, ine ndili pamenepo ndi chidindo changa.

"Zithunzi zonse zimapita kwa aphunzitsi, ababa. Sindichotsapo ngakhale chimodzi. Ndiye pamzere uwu ndilembe kuti waona ndani?"

Ndinatsegula pakamwa, koma dzina lomwe ndinali nalo linali limodzi lokha. Anadikira ndithu, pensulo ili pamwamba pa pepala, ndipo ndikukhulupirira kuti ankafunitsitsa nditapeza lina. Kenaka anatseka bukulo mzerewo uli wopanda kanthu, n'kundipempha mwaulemu wonse, ngati mmene mlendo amapemphera woperekeza, kuti ndikayambe kuzula matenti.